Kuphunzira zanyengo mphunzitsi ali pa sukulu yake: ntchito yagona pa kagulu ka alangizi

Chaka chilichonse, dzinja likamayandikira, nthambi ya boma yoona za nyengo imatulutsa ulosi wa mmene mvula ikuyembekezeka kugwera. Ulosiwo umaulutsidwa pa wailesi, umafika ku khonsolo, ndipo akuluakulu a nthambi zosiyanasiyana amaukambirana. Koma kuchokera ku ofesi ya khonsolo kukafika ku munda wa munthu wa kumudzi pali mtunda wautali. Uthenga umene unanyamuka uli wakuti pali mwayi waukulu woti mvula igwe ya mlingo wa nthawi zonse kapena kucheperapo, umakafika pa bwalo la mfumu utasanduka mawu awiri okha, akuti kuli chilala. Wina amagulitsa mbuzi zake mwaphuma. Wina amangonyalanyaza, amvekere a zanyengo ananamanso chaka chatha. Onse awiri aphonya, komabe mlandu si wawo, pakuti palibe amene anakhala nawo pansi kuwamasulira.

Alangizi a zaulimi amayesetsa, koma ndi ochepa, ndipo mlangizi mmodzi amayenera kuyendera midzi yambirimbiri. Munthu wophunzira amene amapezeka pafupifupi m'dera la gulupu aliyense, amenenso amayankhula tsiku ndi tsiku ndi ana ochokera m'mabanja mazanamazana, ndi mphunzitsi wa ku pulaimale. Ndiponso tsoka likagwa, anthu amathawira ku sukulu. Zinatero m'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mvula ya masiku angapo osalekeza m'chigawo cha kummwera, matope ndi miyala n'kutsika m'mapiri a Soche, Chiradzulu ndi Mulanje. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, oposa 500,000 anasowa pokhala, ndipo makalasi ambiri anasanduka misasa. Mphunzitsi wodziwa kuwerenga chenjezo, n'kuuza mfumu ndi komiti yoona za ngozi chimene mamilimita otchulidwawo akutanthauza kwa mudzi wokhala m'tsinde mwa phiri, ndi munthu wofunika kwambiri pa masiku otero.

Vuto ndi lakuti maphunziro a uphunzitsi amakhudza zanyengo pang'ono chabe, ndipo n'kosatheka kuchotsa mphunzitsi m'kalasi lodzaza ana kwa miyezi itatu kuti akaphunzire ku tauni. Njira yozolowereka ndi msonkhano wa masiku awiri kapena atatu pa malo ogona alendo, pamene anthu amalandira mabuku, chakudya ndi alawansi, kenako aliyense n'kubwerera kwawo. Zanyengo siziphunzirika motero. Zimafuna kuti munthu aziyang'ana kumwamba ndi pa mapu sabata ndi sabata mpaka diso lizolowere. Phunziro lino likufotokoza njira ina, imene inagwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri ku United States of America, yophunzitsa aphunzitsi zanyengo iwo ali pa sukulu zawo, ndipo likuunika chimene chinkagwiriziza maphunzirowo kuti asaphwasukire m'njira.

Maphunziro a DataStreme

Bungwe la akatswiri a zanyengo la m'dzikolo, American Meteorological Society, linakhazikitsidwa mu 1919. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 linayamba kuphunzitsa aphunzitsi a ku pulaimale ndi ku sekondale kudzera m'ntchito yotchedwa Project Atmosphere. Pa tchuthi chachikulu, aphunzitsi osankhidwa ankapita ku Kansas City, ku malo amene boma limaphunzitsirako antchito ake a zanyengo. Njirayo inali yabwino, koma inkafikira anthu ochepa pachaka. Choncho mu 1996, intaneti itangoyamba kufika m'masukulu, bungweli linatsegula maphunziro otchedwa DataStreme Atmosphere, mothandizidwa ndi National Science Foundation, kenakonso ndi NOAA, nthambi ya boma yoona za nyanja ndi mlengalenga. Pambuyo pake panabwera maphunziro ena a mtundu womwewo, ena a za nyanja zamchere, ena a za kusintha kwa nyengo.

Maphunzirowo ankatenga masabata 13, ndipo ankachitika kawiri pachaka motsatira zigawo za chaka cha sukulu. Mphunzitsi ankalandira buku lowerenga ndi buku la ntchito zoti achite. Sabata iliyonse inkakhala ndi mutu wake: ina za kulemera kwa mpweya ndi mphepo, ina za kutentha, ina za chinyezi ndi mitambo, ina za mabingu ndi anamondwe. Chimene chinkasiyanitsa maphunzirowa ndi a kolespondensi akale ndi chakuti gawo lina la ntchito ya sabatayo silinkapezeka m'buku. Akatswiri a ku likulu la maphunzirowo ankalemba mafunso atsopano kawiri pa sabata, pogwiritsa ntchito mapu ndi zithunzi za setilaiti za nyengo imene inali kuchitika masiku omwewo, n'kuwaika pa intaneti. Chimphepo chikawomba m'chigawo chapakati cha dzikolo kumayambiriro kwa sabata, mphunzitsi ankachipeza pa pepala lake la mafunso, ndipo ankatha kutuluka panja kukaona ngati mitambo ikuchitadi zimene mapu akunena.

M'zaka zimenezo mphunzitsi sankalipira kanthu. Akamaliza, ankalandira mapointi atatu a maphunziro apamwamba kuchokera ku koleji ya State University of New York ya ku Brockport, mapointi amene angathe kuwerengedwa pa digiri yachiwiri. Posinthana ndi zimenezi, ankalemba dongosolo la mmene akagawire aphunzitsi anzake zimene waphunzira, kuti pa sukulu pake azidziwika ngati munthu wofunsidwa za nyengo. Aphunzitsi masauzande ambiri anadutsa m'maphunzirowa.

Kagulu ka m'dera

Matenda a maphunziro onse ophunzira munthu ali kutali ndi amodzi: wophunzira amasiya mwakachetechete. Salemba kalata yotsanzika. Sabata ina kwagwa maliro, sabata yotsatira pali mayeso oti achonge, ndipo ikamafika sabata yachitatu ntchito yaunjikana moti manyazi amamugwira kuti afunse poyambira. Buku limakalowa pansi pa sutikesi. Okonza DataStreme anaikapo lamulo limene linali mankhwala a matendawa, lakuti mphunzitsi asalowe m'maphunzirowo payekha. Aliyense ankalowa kudzera m'kagulu ka alangizi a m'dera lake, kamene m'Chingerezi ankakatcha Local Implementation Team.

Kawirikawiri kaguluko kankakhala ka anthu atatu. Wotsogolera ankakhala mphunzitsi waluso amene bungwe lija linamuphunzitsa mwapadera, ndipo atsogoleri oterewa ankasonkhanitsidwa pa tchuthi kuti akonzekere chaka chotsatira. Enawo ankakhala katswiri wa zanyengo, mwina wa pa ofesi yapafupi ya National Weather Service, mwina wolosera nyengo pa wailesi yakanema, komanso mphunzitsi wa ku koleji. Kagulu kamodzi kankalandira aphunzitsi ochepa, pafupifupi asanu ndi atatu pa chigawo chilichonse cha chaka.

Kasanjidwe aka n'koyenera kukaganizira mofatsa. Katswiri wa zanyengo amadziwa chifukwa chimene mphepo yatembenukira, koma nthawi zambiri sadziwa mmene angafotokozere zimenezo kwa mwana wa zaka khumi, ndiponso sadziwa kuti sabata ya mayeso mphunzitsi sagona. Mphunzitsi waluso amadziwa zonsezo, koma mapu achilendo angathe kumuzunguza mutu. Wa ku koleji amaonetsetsa kuti ntchito yochongedwayo ndi ya mlingo woyenera satifiketi. Ndiye pali nkhani ya manyazi, imene anthu okonza mapulani saiwerengera. Mphunzitsi wa zaka 20 pantchito sangaulule msanga kwa katswiri wachilendo kuti sakumvetsa mizere ya pa mapu, koma kwa mphunzitsi mnzake amaulula. Amene amadziwa za chinamwali sadabwa nazo izi: namkungwi amalangiza anamwali onse pamodzi, koma namwali aliyense amakhala ndi phungu wake womuyang'anira pafupi. Likulu la maphunziro linali ngati namkungwi, alangizi a m'dera ngati aphungu.

Kaguluko kankakumana ndi aphunzitsi ake maso ndi maso maulendo owerengeka chabe: poyamba, pakati ndi pomaliza. Ntchito yeniyeni inkachitika pakati pa misonkhanoyo. Mphunzitsi aliyense ankapatsidwa mlangizi wake mwa atatu aja, ndipo sabata iliyonse ankamutumizira mayankho, m'zaka zoyambirira pa fakisi, pambuyo pake pa imelo. Mlangizi ankaona mayankhowo n'kuyankha, pena polemba, pena pa telefoni. Sankaphunzitsa phunziro lonse, pakuti phunzirolo linali kale m'buku ndi pa intaneti. Udindo wake unali wokonza pamene pakhota, ndi wodziwitsa wophunzirayo kuti alipo wina amene akudikira pepala lake sabata imeneyo.

Chiwerengero chochepacho chili ndi chifukwa chake, ndipo masamu ake ndi osavuta. Aphunzitsi 8 pa masabata 13 amatumiza mapepala 104. Akagawana anthu atatu, aliyense amaona mapepala osakwana atatu pa sabata, ntchito imene munthu wokhala ndi ntchito yake ina angaichite madzulo amodzi. Koma kagulu komweko katapatsidwa aphunzitsi 30, mapepala angakhale 390, ndipo mlangizi aliyense angamaone khumi pa sabata. Pamenepo mayankho amayamba kuchedwa, kenako amasanduka kachizindikiro kongochonga, ndipo wophunzira akaona kuti palibe amene akuwerengadi ntchito yake, amasiya. Ofuna kukondweretsa opereka thandizo ndi manambala akuluakulu amagwa m'mbuna imeneyi kawirikawiri.

Katundu wa wotsogolera

M'dongosolo lotere, munthu amene amasenza zambiri ndi wotsogolera kagulu, ngakhale kuti ntchito yake siioneka. Imayamba maphunziro asanatsegulidwe, pa kusankha ophunzira. Woyenera kutengedwa ndi amene wapempha yekha atauzidwa mosabisa kuti adzafunika maola angapo sabata iliyonse kwa miyezi itatu. Dzina longolembedwa ndi mkulu wa sukulu pofuna kukondera, kapena pofuna kulanga, silikhalitsa. N'kwanzeru kutenga awiri a pa sukulu imodzi kapena a sukulu zoyandikana, kuti wina akafooka mnzake amudzutse.

Kenako pali kumvetsera chete. Wophunzira amene wadumpha sabata imodzi alibe vuto lalikulu, koma amene wadumpha masabata awiri ali m'njira yotuluka, ndipo wotsogolera ayenera kudziwa zimenezo msonkhano wapakati usanafike. Choncho amasunga kaundula wosonyeza amene watumiza ndi amene sanatumize, amafunsa alangizi anzake sabata iliyonse, ndipo nthawi zina amayenera kudzudzula mlangizi amene akuchedwetsa mayankho, ngakhale mlangiziyo atakhala katswiri womuposa maphunziro. Iyi si ntchito ya munthu wamantha. Wotsogolera ndiyenso khutu la likulu: funso likasokoneza ophunzira asanu mwa asanu ndi atatu, cholakwika chili m'funsomo, ndipo olemba mafunso sangadziwe ngati palibe wowauza. Likulu nalonso lili ndi mangawa ake. Mafunso a sabata akachedwa kutuluka, nyengo imene akufotokoza imakhala itadutsa, ndipo phindu lonse la kuphunzira ndi nyengo ya lero limatayika.

Zimene sizingawoloke nyanja momwe zilili

Dongosolo la timagulu lingathe kubwerekedwa, koma mabuku ake ayi. Chitsanzo chili m'phunziro loyambirira lenileni. Mpweya uli ndi kulemera kwake, ndipo pa mapu a zanyengo pamakhala madera a mpweya wolemera ndi a mpweya wopepuka. Mphepo imachoka kolemera kupita kopepuka, koma chifukwa cha kuzungulira kwa dziko siyenda molunjika, imakhota. Kumpoto kwa ikweta, kumene kuli America, mphepo imazungulira dera la mpweya wopepuka mosemphana ndi mivi ya wotchi. Kummwera kwa ikweta, kumene kuli Malawi, imazungulira motsatira mivi ya wotchi, ndipo amene anaona zithunzi za Freddy ali pa gombe la Mozambique anaona mitambo ikupota motero. Mphunzitsi wa kuno ataloweza buku la ku America osalisintha, angaphunzitse ana zinthu zotembenuza.

Mitu yakenso ingasiyane. Mphunzitsi wa ku New York amafuna kumvetsa chipale ndi mphepo yozizira yochokera ku Canada. Wa kuno amafuna kumvetsa lamba wa mvula amene amapangika pamene mphepo za kumpoto chakummawa zakumana ndi za kummwera chakummawa, lamba amene amatsikira kuno dzinja likamayamba n'kubwerera kumpoto likamatha. Amafuna kumvetsa mpweya wachinyezi wochokera ku Congo, ndi anamondwe obadwira m'nyanja ya Indian amene amalowera ku Mozambique, monga Idai mu 2019 ndi Ana mu 2022. Wa kunyanja amafuna kudziwa za mwera, umene umagubuduza mabwato m'miyezi yozizira, ndipo wa ku Thyolo ndi Mulanje za chiperoni, mvula yowaza ya nkhungu imene inatenga dzina la phiri la ku Mozambique. Onsewa amafuna kumvetsa El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kunabweretsa ng'amba m'dzinja la 2023 mpaka 2024, mpaka Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza m'Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi.

Pali mfundo ziwiri zimene, mphunzitsi atazigwira bwino, mudzi ungapindule nazo ngakhale ataiwala zina zonse. Yoyamba ndi tanthauzo la milimita. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Pa hekitala imodzi, amenewo ndi malita 10,000. Choncho wailesi ikanena mamilimita 50, ikunena malita 500,000 pa hekitala iliyonse. Madzi amenewa akagwa pang'onopang'ono kwa masiku atatu, ambiri amalowa m'nthaka, chimanga n'kukondwa. Akagwa pa ola limodzi pa phiri lopanda mitengo, amatsika onse pamodzi m'khwawa limodzi. Nambala ndi yomweyo, koma zotsatira zake n'zosiyana, ndipo munthu wodziwa kufunsa kuti agwa pa maola angati ndiye amadziwa nthawi yosamutsa anthu.

Yachiwiri ndi yakuti ulosi wa dzinja lonse umanena za mwayi. Mwachitsanzo, ulosi ungapereke magawo 40 pa 100 ku mvula ya mlingo wa nthawi zonse, 35 ku mvula yochuluka ndi 25 ku mvula yochepa. Mawu ofika kumudzi amakhala akuti mvula ikhala yabwino. Komatu magawo 25 pa 100 akutanthauza kuti pa zaka zinayi za ulosi wotere, chimodzi chingakhale chouma. Chaka choterocho chikafika, a zanyengo sananame, ndipo mlimi amene anabzalako chinangwa, mbatata kapena mbewu yocha msanga sanataye nthawi. Ndiponso mlingo wa nthawi zonse si umodzi dziko lonse. Ku Nkhata Bay ndi m'mphepete mwa phiri la Mulanje mvula imaposa mamilimita 1,500 pachaka, pamene ku chigwa cha Shire nthawi zambiri siifika 1,000. Mvula imene wa ku Ngabu angaithokoze, wa ku Mulanje angaitche chilala.

Dziko lino si lachilendo ku maphunziro otere

Malawi wakhala ndi maphunziro ophunzira munthu ali kutali kuyambira mu 1965, pamene panatsegulidwa Malawi Correspondence College, imene pambuyo pake inadzatchedwa MCDE. Koma chitsanzo choyandikira kwambiri nkhani ino ndi cha m'ma 1990. Maphunziro a pulaimale atakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma linalemba ntchito aphunzitsi osaphunzitsidwa pafupifupi 20,000. Kuti awaphunzitse, mu 1997 linayambitsa ndondomeko ya MIITEP. Ophunzirawo ankakhala ku koleji miyezi itatu, kenako n'kubwerera ku sukulu zawo kwa nthawi yaitali, akuwerenga mabuku paokha, akuyembekezeka kuyenderedwa ndi akuluakulu a sukulu, alangizi a m'zoni ndi aphunzitsi a ku koleji. Ofufuza amene anaunika ntchitoyi anapeza kuti mbali yofooka inali yomweyi ya kuyendera ndi kulangiza: maulendo sanachitike monga mmene anakonzera, ndipo ophunzira ambiri anasiyidwa okha ndi mabuku. Mabuku analipo, dongosolo linalipo pa pepala, koma anthu ndi mayendedwe ofikira wophunzira sabata ndi sabata anaperewera.

Chosangalatsa n'chakuti mafupa a kagulu ka m'dera alipo kale m'boma lililonse. Sukulu za pulaimale zinagawidwa m'mazoni, ndipo zoni iliyonse ili ndi malo okumanirapo aphunzitsi otchedwa TDC, komanso mlangizi wa sukulu amene ambiri amamudziwa kuti PEA. Ku mbali ya ulimi kuli maofesi a EPA, kumene alangizi amalemba kale mvula ya tsiku ndi tsiku. Nthambi ya zanyengo ili ndi antchito pa malo ake oyezera nyengo monga Chitedze, Chileka, Bvumbwe, Makoka ndi Ngabu. Yunivesite ya MUST ku Thyolo imaphunzitsa zanyengo, ndipo koleji ya Domasi yakhala ikuphunzitsa aphunzitsi ali pa sukulu zawo kwa zaka zambiri. Mphunzitsi waluso wa m'zoni, mlangizi wa zaulimi wodziwa choyezera mvula, ndi katswiri wa zanyengo wopezeka pa foni angapange kagulu kofanana ndi ka ku America kaja. Chimene kulibe ndi chingwe chowamangirira pamodzi, chifukwa aliyense amayankha kwa bwana wake, ndipo khonsolo ndi malo amodzi okha pamene mabwana atatuwo amakhala pa tebulo limodzi.

Ena anganene kuti kuno netiweki ndi yovuta, magetsi kulibe, ndipo bandulo ndi yodula. N'zoona. Koma tisaiwale kuti DataStreme inayamba m'nthawi ya fakisi. Chofunika pa sabata ndi mapu amodzi kapena awiri ndi tsamba la mafunso, zinthu zimene zingatumizidwe pa WhatsApp kwa munthu mmodzi m'zoni, iye n'kuzisindikiza kapena kuzikopera pa bolodi la pa TDC. Mayankho angajambulidwe ndi foni. Wailesinso inasonyeza kale mphamvu yake pa pulogalamu ya Tikwere, imene inkatsogolera mphunzitsi ndi ana m'kalasi pa nthawi imodzi. Chimene sichingalowedwe m'malo ndi makina alionse ndi munthu wowerenga mayankho n'kubweza mawu sabata isanathe.

Gawo la anthu a m'wodi

Walira mvula walira matope. Wodi imene ingafune maphunziro otere ikhale yokonzeka kusenza mbali yake. Kulemba maphunziro ndi kupereka satifiketi yovomerezeka ndi udindo wa unduna wa zamaphunziro, makoleji, ndi bungwe la Teachers Council of Malawi limene limalembetsa aphunzitsi, ndipo popanda satifiketi yowerengeka pa ntchito yake n'kovuta kupempha mphunzitsi kuti apereke madzulo a miyezi itatu. Koma zina zili m'manja mwa anthu a m'dera: choyezera mvula cha pa sukulu ndi mpanda wake, mayendedwe a ku misonkhano itatu ya pa TDC, bandulo ya alangizi. Izi ndi zazing'ono poyerekeza ndi mtengo wa mlatho umodzi wokokoloka, ndipo njira yozipemphera ndi yodziwika. Nkhani imayambira ku komiti ya chitukuko ya mudzi, VDC, n'kulowa m'pulani ya mudziwo, kenako ku ADC, mpaka m'pulani ya chitukuko ya boma lonse, khansala akuitsatira. Chimene sichinalembedwe m'mapulani amenewa sichipeza ndalama.

Ndipo bungwe lililonse likadzabwera ndi maphunziro a zanyengo a aphunzitsi, a komiti ya sukulu, a bungwe la makolo ndi aphunzitsi ndi a gulu la amayi ali ndi ufulu wofunsa mafunso olunjika. Mlangizi wa mphunzitsi wathu ndi ndani, ndipo amakhala kuti? Akuyang'anira anthu angati? Mphunzitsi akakhala chete masabata awiri, amuyimbire foni ndani? Akamaliza, adzafotokozera ndani zimene waphunzira, pa msonkhano uti? Bungwe limene lili ndi mayankho a mabuku ndi malo ochitira mwambo wotsegulira okha, koma lilibe dzina la mlangizi, lakonza theka la ntchito.

Nthawi yochitira maphunziro nayonso ndi yofunika. Teremu yoyamba, kuyambira Sepitembala mpaka Disembala, ndi yotalika mofanana ndi masabata 13 aja, ndipo imagwa pa nthawi yabwino: ulosi wa dzinja umatuluka teremu ikangoyamba, kutentha kwa Okutobala kumatsatira, ndipo mvula yoyamba imagwa ophunzira ali pakati pa maphunziro, moti angathe kuyerekeza zimene zinaloseredwa ndi zimene zagwa pa bwalo la sukulu yawo. Teremu yachiwiri ndi ya anamondwe ndi kusefukira kwa madzi, yophunzitsa zambiri, koma ndi nthawi imene misewu imaduka ndipo msonkhano wapakati ungalephereke. Yachitatu ndi ya mayeso a Sitandade 8, ndipo kumwamba kumakhala kopanda zambiri zoonetsa kupatula mwera ndi chiperoni.

Choyezera mvula chija chimaikidwa pa malo oyera, kutali ndi mitengo ndi denga, ndipo chimawerengedwa 8 koloko m'mawa uliwonse, madzi n'kutayidwa. Tsiku lopanda mvula limalembedwanso, ndi ziro, chifukwa mpata wopanda kanthu m'kaundula sudziwika ngati kunali dzuwa kapena wolemba anagona. Ana a Sitandade 6 ndi 7 angathe kusinthana ntchitoyi mosavuta sukulu ikakhala yotsegula. Koma sukulu zimatsekera Khirisimasi pa nthawi imene anthu ali pa kalikiliki wobzala ndi kupalira, pamene mvula ya tsiku lililonse ikufunika kudziwika, ndipo aphunzitsi ambiri amakhala atapita kwawo. Kagulu ka alangizi ndi komiti ya sukulu ayenera kugwirizana teremu isanathe za munthu amene adzasunge kaundula ndi kiyi ya mpanda pa masabata amenewo, kaya ndi mlonda wa sukulu, kaya membala wa komiti wokhala pafupi, ndipo munthuyo aphunzitsidwe kuwerenga mizere ya pa choyezeracho mphunzitsi asananyamuke.